Mkokomo wa usiku uli ndi gwero lake: tiusake tisanaloze munthu chala

Pali phokoso lina limene lakhala likusowetsa anthu tulo m'maiko ambiri, ndipo amene amalimva amalifotokoza mofanana ngakhale sanaonanepo. Amati lili ngati lole ya dizilo yaima kuseri kwa phiri injini ili chilirire, koma munthu akatuluka panja kuti aione sapeza kanthu. Masana silimveka kwenikweni. Limadza usiku anthu atagona, limakula munthu akatseka chitseko, ndipo ena amalimva m'chifuwa ndi m'mutu koposa m'makutu. M'nyumba imodzi mayi angathe kulimva, bambo osalimva. Ku England ndi ku America analipatsa dzina lakuti Hum. Ife pa tsamba lino tingoti mkokomo.

Munthu akadandaula za phokoso lotere kwathu kuno, kawirikawiri amalandira mayankho awiri. Yankho loyamba ndi lakuti ndi ndege ya afiti, kapena pali wina akutamba usiku. Yankho lachiwiri ndi lakuti mutu wake wayamba kusokonekera, angogona. Mayankho onsewa ndi aulesi, ndipo onse amapweteka munthu. Loyamba limathera pakhomo pa agogo ena amene alibe owateteza. Lachiwiri limasiya wodandaulayo ali yekha, akuonda ndi kusowa tulo, kwinaku anzake akumuseka.

Maganizo athu ndi awa, abale a m'malire: mkokomo ndi chinthu chimene chingasakidwe monga momwe alenje amalondolera mapazi a nyama. Malo ambiri kumene anthu anadekha nafufuza, anapeza makina, magetsi, nyama kapena vuto la m'khutu. Ntchito yofufuzayi imayamba ndi anthu a m'mudzi eni ake, ndipo kwa ife okhala m'malire singatheke popanda anansi athu a tsidya linalo.

Chifukwa chiyani phokoso lolemera limanyenga khutu?

Phokoso lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Akatswiri amawerenga kuti mpweyawo ukunjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake amautcha hertz, mwachidule Hz. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz kufika 20,000 Hz. Likhweru ndi kulira kwa nkhululu zili kumtunda. Kugunda kwa mvula yakutali kuli pansi. Mkokomo umene tikunenawu umakhala pansi penipeni, kufupi ndi pamene khutu limalekezera kumva. N'chifukwa chake wina amaumva wina osaumva, pakuti makutu a anthu salekezera pamodzi.

Aliyense wa ku Angónia kapena ku Macanga akudziwa zimene zimachitika usiku wa gule. Amene ali pabwalo amamva zonse, nyimbo, m'manja ndi ng'oma. Amene ali kumudzi wachitatu amangomva ng'oma zikuluzikulu zikugunda, mawu a oimba osafika. Phokoso lopyapyala limafera m'njira, m'mitengo ndi m'makoma. Lolemera limayenda mtunda wautali, limazungulira chulu ndi phiri, ndipo limalowa m'nyumba ngati khoma palibe. Njovu zimadziwa zimenezi kuposa ife. Mu 1984 mayi wina wofufuza za nyama, Katy Payne, anazindikira kuti njovu zimaitanizana ndi mawu otsika kwambiri, ena oti khutu la munthu silingamve, ndipo mawuwo amafika makilomita angapo.

Chachiwiri, phokoso lolemera sililoza kumene likuchokera. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Funde limodzi la phokoso la 35 Hz limatalika pafupifupi mamita 10, pamene makutu athu awiri atalikirana masentimita osapitirira 20. Funde lalitali chotere limafika m'makutu onse awiri pafupifupi mofanana, choncho mutu umavutika kudziwa ngati lachokera kum'mawa kapena kumadzulo. Munthu amangomva ngati lamuzinga, kapena ngati likutuluka pansi pa mphasa yake.

Chachitatu ndi usiku. Dzuwa likalowa nthaka imazizira, mpweya wa pansi umazizira koposa wa m'mwamba, ndipo phokoso limene masana likanathawira kumwamba limapindikira pansi n'kuyenda kutali. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kumapiri a Tsangano zimenezi zimachitika kwambiri. Komanso usiku mawailesi, ana ndi ziweto zakhala chete, palibe chophimba mkokomowo. Nyumba nayo imathandizira: makoma ndi malata amaletsa maphokoso ang'onoang'ono a panja, koma lolemera lija amalilowetsa, ndipo chipinda china chimalikuza monga momwe chikho cha pansi pa limba chimakuzira mawu. Zonse zimene anthu amati ndi zizindikiro za ufiti, kubwera usiku, kusaoneka, kusankha anthu, ndi khalidwe lachibadwa la phokoso lolemera.

Nkhani ya mzinda wa m'malire

Pa nkhani zonse za mkokomo, imene ikutikhudza ife ndi ya ku Windsor, m'dziko la Canada, chifukwa nawonso ndi anthu a m'malire. Windsor ndi mzinda wa anthu opitirira 200,000 umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Detroit. Tsidya lina la mtsinjewo ndi dziko la United States. Anthu amaoloka tsiku ndi tsiku kukagwira ntchito ndi kukagula zinthu, monga timachitira ife pa Calómuè kapena pa Zóbuè.

Mu 2011 anthu a kumadzulo kwa mzindawu anayamba kudandaula za mkokomo umene unali kugwedeza mazenera ndi kuwadzutsa pakati pa usiku. Unkabwera n'kupita. Masiku ena kunali zii, masiku ena unkagunda mpaka mbandakucha. Monga zimakhalira kulikonse, mphekesera zinachuluka, ndipo ena amene sanali kuumva ankati anzawowo akungoganiza. Koma odandaulawo sanakhale chete ndipo sanamenye munthu. Anasonkhana, nayamba kulemba tsiku, ola ndi malo pamene aliyense waumva, nakakamiza makhansala ndi aphungu awo. Mu 2012 kutakonzedwa msonkhano wa pa telefoni wokambirana za nkhaniyi, anthu pafupifupi 22,000 analowa nawo usiku umodzi. Apa akuluakulu sakanathanso kunena kuti ndi misala ya anthu awiri atatu.

Chaka cha 2011 chomwecho nthambi ya boma la Canada yoona za chilengedwe, Natural Resources Canada, inaika zipangizo zoyezera zivomezi m'malo osiyanasiyana. Zipangizozo zinasonyeza kuti phokosolo ndi lenileni, lili pafupi ndi 35 Hz, likuyenda mumpweya osati pansi pa nthaka, ndipo likuchokera cha ku Zug Island, kachilumba kodzaza mafakitale kamene kali mbali ya United States. Mu 2013 boma la Canada linapereka ndalama kuti mayunivesite awiri, ya Windsor ndi ya Western, afufuze mozama. Lipoti linatuluka mu 2014. Gulu lotsogozedwa ndi Colin Novak wa ku yunivesite ya Windsor linaloza ng'anjo zikuluzikulu zosungunulira chitsulo za kampani ya U.S. Steel pa chilumbacho. Makolo athu amene ankasungunula chitsulo ndi ng'anjo ndi mvukuto akanaimvetsa nkhaniyi, kusiyana kwake n'kwakuti ng'anjo za ku Zug Island zinali zotalika ngati nyumba zosanja zambiri, ndipo mpweya wotentha unkapoperedwamo ndi makina usana ndi usiku.

Apa ndi pamene malire anaonetsa mphamvu yake. Akatswiri a ku Canada anatha kuyeza kuchokera tsidya lawo, koma analibe chilolezo cholowa m'fakitale ya dziko lina kuti aloze makina enieniwo. Malamulo a Canada sakanatha kukakamiza kampani ya ku United States. Phokoso linkaoloka mtsinje usiku uliwonse popanda pasipoti, pamene ofufuza anaima pagombe. Anthu a ku Windsor anapirira zaka zina zisanu ndi chimodzi. Mu Epulo 2020 kampaniyo inazimitsa ng'anjo zija pa zifukwa zake zamalonda, ndipo mkokomo unaleka. Kuleka kwakeko ndiko kunatsimikiza kuti odandaula aja sanali amisala, ndiponso kuti ofufuza analoza malo oyenera.

Si kulikonse kumene gwero limakhala fakitale ya tsidya lina. Ku Kokomo, mzinda wa m'chigawo cha Indiana ku United States, umene dzina lake likuchita ngati analitenga ku chinenero chathu, madandaulo anayamba mu 1999. Khonsolo ya mzindawo inalemba ntchito katswiri wa zamaphokoso, James Cowan, ndipo mu 2003 iye anapeza magwero awiri: chokupizira mphepo chachikulu pa fakitale ya DaimlerChrysler, cholira pa 36 Hz, ndi makina opopa mpweya pa fakitale ya Haynes International, olira pa 10 Hz. Makinawo anakonzedwa mafakitale osatsekedwa. Ena mwa odandaula anapitiriza kumva phokoso, kusonyeza kuti m'mudzi umodzi mungathe kukhala zoyambitsa zingapo.

Ku Sausalito, ku California, anthu okhala m'nyumba zoyandama pamadzi ankamva mkokomo usiku uliwonse m'miyezi yotentha m'zaka za m'ma 1980. Anakayikira mapampu a zimbudzi, nthambo za magetsi ndi zida zachinsinsi za asilikali. Mu 1985 zinadziwika kuti ndi nsomba za mtundu wa midshipman, zazimuna, zimene zimanjenjemeretsa chikhodzodzo chawo cha mpweya poitana zazikazi. Ku Taos, ku New Mexico, akatswiri anayeza mu 1993 osapeza phokoso logwirizana ndi zimene anthu ankamva, ndipo anayamba kuyang'ana ku makutu a omvawo. Mizinda inayi, mayankho osiyana, koma palibe pamene panapezeka mfiti.

Usiku wa kwathu unasintha

Amene anakhala m'maboma ano m'nthawi ya nkhondo, mpaka pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anaphunzira kutchera khutu usiku. Kulira kwa injini yakutali kunali chizindikiro chakuti nyamulani ana muthawe, ndipo ambiri anaolokera ku Malawi chifukwa cha makutu awo. Munthu wotere akamva mkokomo lero mtima umagunda, ndipo sitiyenera kumuseka. Koma tiyenera kukumbukira kuti dziko limene akumveramo lero ladzaza makina amene kale kunalibe.

Taonani zimene zafika. Zigayo za dizilo ndi zamagetsi zili pafupifupi pamsika uliwonse. Nsanja za mafoni zili pamwamba pa mapiri, ndipo zambiri zili ndi jenereta yake. Mathiransifoma apachikidwa pa mapolo m'midzi imene kale inkadalira koloboyi. Alimi a mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba amathirira ndi mapampu a injini. Malole a katundu amadutsa usiku wonse pa msewu wa Tete kupita ku Zóbuè, ndiponso pa msewu wa Dedza ndi Ntcheu umene ukutsata malire enieniwo. Ku Moatize migodi ya malasha inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, ndipo njanji ya mtunda wa makilomita 912 yochoka ku Moatize, kudutsa m'Malawi, kukafika ku Nacala inatsegulidwa mu 2017. Pamwamba pa zonsezi pali Cahora Bassa ndi nthambo zake zikuluzikulu. Chilichonse mwa izi chingathe kutulutsa phokoso lolemera lofika kutali. Sitikunena kuti ichi kapena icho n'cholakwa. Tikunena kuti okayikiridwa alipo ambiri oti tiwafunse tisanafike pakhomo pa nkhalamba.

Tiusake bwanji?

Poyamba wodandaula adziyese yekha, chifukwa phokoso lina limachokera m'thupi. Amene anamwapo kwinini wa malungo akudziwa mmene makutu amalirira. Kuthamanga kwa magazi, mafinya kapena phula m'khutu, ukalamba, ndiponso kugwira ntchito zaka zambiri m'chigayo kapena mu mgodi zingachititse zomwezo. Njira yake ndi yapafupi: kagoneni kwa abale kutali, makilomita 20 kapena 30, masiku awiri kapena atatu. Phokoso likakutsatirani, lili chimodzimodzi kulikonse ndiponso nthawi iliyonse, pitani kuchipatala akakupimeni makutu ndi magazi. Palibe chamanyazi pamenepo. Likatsala kumudzi, ndiye kuti lili panja, ndipo ntchito ya mudzi wonse yayamba.

Chachiwiri ndi kope. Anyakwawa kapena asekeletale asankhe munthu wodziwa kulemba, mphunzitsi kapena mwana wasukulu, ndipo aliyense womva mkokomo azinena tsiku, ola limene wayamba, ola limene waleka, ndi kumene mphepo inali kuchokera. Amene sanamve kanthu usiku umenewo nawonso alembedwe. Aliyense anene yekha asanakambirane ndi anzake, chifukwa anthu akayamba kukambirana mawu awo amafanana ngakhale makutu awo anamva zosiyana. Pakatha masabata atatu kapena anayi kopelo limayamba kulankhula. Mkokomo wosowa Lamulungu lililonse ndi wa munthu wopuma Lamulungu. Wokula m'nyengo yokolola ungakhale wa chigayo chogwira ntchito usiku. Wobwera mphindi zochepa n'kupita, pa maola ofanana, ungakhale wa sitima. Womveka m'chilimwe mokha ungakhale wa pampu ya kudimba. Ndi kope lotere limene linapatsa mphamvu anthu a ku Windsor.

Chachitatu, gwiritsani ntchito kuzima kwa magetsi. Timadandaula nako, koma pa nkhani iyi ndi mboni yaulere. Magetsi akazima mkokomo n'kuleka nthawi yomweyo, gwero lake ndi thiransifoma kapena makina oyendera magetsi. Ukayamba pamene magetsi azima, fufuzani amene ali ndi jenereta. Ndipo popeza tili m'malire, funsani abale a tsidya linalo ngati kwawo magetsi anazima usiku umenewo.

Chachinayi ndi kuyenda. Popeza khutu silingaloze mbali, miyendo ndiyo iloze. Anthu atatu kapena anayi amene amaumva bwino atuluke pamodzi usiku umene wakula, atadziwitsa amfumu kuti asawayese akuba. Ayende kilomita imodzi kumpoto, aime chete, amvetsere, abwerere, kenaka achite chimodzimodzi kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Mbali imene ukukula ndiyo ya kutsata usiku wotsatira. Ajambule mapu pa pepala, aike chizindikiro pa nyumba iliyonse yodandaula, ndipo midzi yoyandikana ichite chimodzimodzi. Mizere yochokera m'midzi itatu ikakumana pamalo amodzi, pamenepo mpoyenera kukaonapo masana. Amakaniko ali ndi nzeru ina yothandiza: amaika nsonga ya ndodo pa chitsulo, mbali inayo pakhutu, n'kumva kunjenjemera kwa mkati. Mungachite zimenezi pa khoma, pa paipi ya madzi kapena pansi. Koma musayerekeze kukhudza thiransifoma, polo ya magetsi kapena mpanda wake, ndipo musayende panjanji usiku.

Chachisanu, achinyamata amene ali ndi mafoni amakono atithandize. Pali timapulogalamu tosonyeza kuti phokoso lili pa ma Hz angati. Foni simva bwino phokoso la pansi penipeni, komabe nambala ikaoneka imanena zambiri. Magetsi a ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia amayenda pa 50 Hz, ndipo thiransifoma imalira pa 100 Hz, mosasintha. Jenereta zambiri zikuluzikulu za dizilo zimazungulira ka 1,500 pa mphindi, kumene kuli ka 25 pa sekondi, choncho zimaonetsa 25, 50 kapena 75. Nambala yokwera ndi kutsika imasonyeza injini imene ikulemedwa ndi kupepukidwa, monga ya chigayo pamene akuthira chimanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi ndi ya mwezi, osati ya usiku umodzi.

Tikaupeza tipite nawo kuti?

Gwero likakhala la munthu wa m'mudzi, nkhani ithere kwa amfumu, mwaulemu. Mwini chigayo ndi mbale wathu, ndipo tonse timadya ufa wake. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi otsika mtengo: kubwezeretsa chotsekereza phokoso pa paipi ya utsi, kuika zidutswa za matayala pansi pa injini kuti kunjenjemera kusalowe m'nthaka, kumanga mabawuti omasuka, kapena kugwirizana ola lozimitsa usiku.

Likakhala la kampani kapena la boma, kopelo ndi mapu zipite kwa mkulu wa lokalidade, ku khonsolo ya alangizi, ndi ku ofesi ya boma yoona za mapulani ndi zomangamanga, imene timaidziwa kuti SDPI. Pitani ndi zolemba ziwiri, imodzi aidinde chidindo mubwerere nayo. Simukupempha chifundo. Ndime 90 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa nzika iliyonse ufulu wokhala pamalo abwino, ndipo Lamulo la Chilengedwe, nambala 20/97, limawerengera phokoso pakati pa zinthu zoipitsa malo. Mu Okutobala 2018 anthu a ku Moatize, atatopa ndi fumbi, analowa mu mgodi naimitsa ntchito. Madandaulo akamasowa owamvera amathera kumeneko. Akuluakulu a maboma athu akanachita bwino kulandira kope la anthu tsiku loyamba, m'malo modikira tsiku limene anthuwo atseka msewu.

Mizere ya pa mapu ikaloza tsidya lina la malire, tisaime pagombe monga anachitira a ku Windsor. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Mafumu a mbali ziwirizi ndi a mtundu umodzi, amakumana pa maliro ndi pa zinamwali, ndipo amalankhula chinenero chimodzi. Nkhani ingathe kuoloka kwa amfumu a tsidya linalo tsiku limodzi, ndipo akuluakulu a maboma a Angónia ndi Dedza, Tsangano ndi Ntcheu, kapena Milange ndi Mulanje angathe kulemberana kalata. Chimodzimodzi abale a ku Malawi kapena ku Zambia akabwera kudzati phokoso likuchokera kwanu, tisawabweze. Tiyende nawo.

Wina afunsa kuti: njala ili pakhomo, feteleza wakwera mtengo, tikataye nthawi ndi phokoso? Yankho loyamba n'lakuti munthu wosagona salima, ndipo mwana wosagona saphunzira. Yankho lachiwiri n'lolemera koposa. Mantha osafufuzidwa amapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ku Malawi, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Chaka chomwecho ku Gilé, m'chigawo cha Zambézia, kunali zipolowe pa nkhani yomweyo. Mphekesera zotere zimakula ndi zinthu za usiku zimene anthu amva kapena aona popanda wozifotokoza. Mkokomo wosadziwika gwero ndi nkhuni zouma zodikira machesi.

Winanso anena kuti tikamadandaula, eni makina atseka ntchito n'kupita, ana athu n'kukhala pakhomo. Manthawa ndi omveka. Ku Zug Island ng'anjo zitazima anthu ambirimbiri anachotsedwa ntchito, ndipo palibe amene angakondwere nazo. Koma amene anazimitsa ng'anjozo si odandaula a ku Windsor, ndi malonda a chitsulo. Ku Kokomo, kumene khonsolo inamvera anthu nipeza makina enieni ovutawo, anakonza makina awiri ntchito n'kupitirira. Amene wapeza gwero lenileni amapempha chinthu chaching'ono chotheka. Amene sanalipeze ndiye amafuna kugwetsa zonse.

Choncho tikupempha mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a zaumoyo m'maboma onse a m'malire kuti munthu akabwera kudzati akumva mkokomo usiku, amufunse mafunso atatu: wayamba liti, umaleka liti, ndani winanso akuumva? Asamuseke, ndipo asalole kuti dzina la munthu aliyense litchulidwe kope lisanadzaze. Sing'anga angathe kukutchulirani mfiti madzulo amodzi, koma mkokomo udzalirabe usiku womwewo, ndipo agogo amene mwawathamangitsa sadzabwerera. Gulani kope, tcherani khutu, ndipo muuze anansi a tsidya linalo kuti nawonso alembe.